Mmene mungaperekere zikalata zopikisana pa ukhansala kapena uphungu kuno ku Salima

Chipumireni ntchito ya uphunzitsi, khonde langa pano pa Salima boma lasanduka ofesi yosalipiritsa. Popeza ndinagwirapo ntchito pa malo ovotera pa zisankho zingapo ndipo ndathandizapo anthu kudzaza mafomu a bungwe loyendetsa chisankho la MEC, aliyense amene mtima wamuuza kuti aime pa ukhansala kapena pa uphungu amatsika kabaza pachipata panga ndi funso limodzimodzi: "Aphunzitsi, ndiyambire pati?" Ndayankha funsoli mpaka mmero kuuma, choncho ndaganiza zolilemba kamodzi kuti wobwera mawa ndizingomulozera pano. Chisankho chachikulu chikubwera ndi cha mu Sepitembala 2030, koma chisankho chachibwereza, chimene chimachitika phungu kapena khansala akamwalira kapena akasiya mpando, chimagwa ngati mvula ya chizimalupsa, ndipo chimapeza anthu asanakonzeke.

Mwa anthu amene ndawaona akugwa, ambiri sanagonje m'bokosi la mavoti ayi. Anagonjera pa tebulo la wolandira zikalata, chifukwa ankayendera malamulo amene anawamva mu 2014 kapena mu 2019, osadziwa kuti zinthu zinasuntha.

Zimene zinasuntha ndi izi. Kale tinali ndi malamulo awiri, lina la chisankho cha pulezidenti ndi aphungu, lina la makhansala. Mu 2023 malamulowa anaphatikizidwa kukhala limodzi lotchedwa Presidential, Parliamentary and Local Government Elections Act, ndipo ili ndi limene linayendetsa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. Khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 pa chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, dziko linavotanso pa 23 Juni 2020, ndipo pambuyo pake malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti chisankho chapatatu chichoke mu Meyi chipite mu Sepitembala. Nyumba ya Malamulo, imene kale inkatha pa 20 Malichi, tsopano imatha pa 23 Julaye m'chaka chachisanu. Madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229, mawodi a makhansala anachoka pa 462 kufika pa 509, ndipo chiphaso cha unzika chochokera ku NRB, nthambi ya boma yolembetsa nzika, ndicho chinakhala umboni wolembetsera m'kaundula wa mavoti. Lamulo lakuti wopambana apeze mavoti opitirira theka likukhudza pulezidenti yekha. Phungu ndi khansala amapambanabe pongoposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi.

1. Dziwani bwinobwino dera kapena wodi imene mukufuna kuimira.

Izi zikumveka zopepuka, koma ndi pamene mavuto ambiri amayambira. Salima inakhala nthawi yaitali ndi madera asanu a aphungu, ndipo anthu anazolowera malire ake ngati mmene anazolowerera malire a minda yawo. Malire ataunikidwanso, midzi ina ndi malo ena ovotera anasamukira ku dera lina kapena ku wodi ina, anthu ake ali m'nyumba zawo zomwezo. Malire a chisankho satsatira nthawi zonse malire a mafumu, kotero kunena kuti "ine ndine wa kwa Khombedza" kapena "kwathu n'kwa Maganga" sikukuuzani wodi yanu. Pitani ku ofesi ya chisankho ku khonsolo ya boma mukapemphe mndandanda wa malo onse ovotera a m'dera kapena m'wodi imene mukufuna, muulembe m'kope lanu ndi dzanja lanu. Mndandanda umenewu mudzaufuna kwambiri pa gawo 6.

2. Dziyeseni nokha musanayesedwe ndi ena.

Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko likunena kuti wofuna uphungu akhale nzika ya Malawi, akhale atakwanitsa zaka 21 pa nthawi yopereka zikalata, azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba, ndiponso akhale wolembetsa m'kaundula wa mavoti. Wofuna ukhansala amafunsidwanso zofanana ndi zimenezi. Onani mawu akuti "pa nthawi yopereka zikalata": mnyamata amene akwanitse zaka 21 mu Ogasiti pamene zikalata zatsekedwa mu Julaye sangaime, ngakhale tsiku lovota lidzamupeza atakwanitsa.

Gawo lomweli likutchula amene sangaime: amene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo kapena wosonyeza khalidwe loipa m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, amene anapezeka wolakwa pophwanya malamulo a chisankho m'nyengo yomweyo, amene khoti linagamula kuti walephereratu kubweza ngongole zake ndipo sanamasulidwe, amene zinatsimikizika mwalamulo kuti mutu wake sukuyenda bwino, msilikali kapena wapolisi amene adakali pa ntchito, ndi amene ali womvera dziko lina. Abale athu amene anakhalitsa ku Joni kapena kwina n'kutenga unzika wa kumeneko akaonane ndi loya asanataye ndalama, chifukwa kuloledwa kukhala ndi unzika wa maiko awiri ndi nkhani ina, kuloledwa kuima pa chisankho ndi nkhani inanso.

3. Ngati mumagwira ntchito m'boma, konzani zosiya ntchito miyezi ikadalipo.

Pano ndikhalitsapo, chifukwa theka la anthu amene amabwera pakhonde panga ndi aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi, anthu amene mudzi umawadziwa ndi kuwakhulupirira, n'kuyamba kuwanong'oneza kuti aime. Lamulo likuti munthu amene ali pa udindo wa boma sangasankhidwe kukhala phungu. Tanthauzo lake n'lakuti pa tsiku limene mukuika zikalata pa tebulo mukhale mutasiya kale ntchito, osati mukuganiza zosiya, osatinso muli pa tchuthi.

Ambiri amandikumbutsa nkhani ya Dr Jessie Kabwila, amene mu 2014 MEC inayamba yawakana pa chifukwa chakuti anali mphunzitsi wa ku University of Malawi, khoti lalikulu n'kuwalola kuima, iwo n'kupambana ku Salima North West. Nkhaniyi ndi yoona, koma musaigwiritse ntchito ngati chishango chanu. Mkangano pamenepo unali pa funso lakuti kodi wogwira ntchito ku yunivesite ali pa udindo wa boma kapena ayi. Mphunzitsi wa pulayimale amene amalandira malipiro kuchokera ku boma alibe mpata wokangana choncho, ndipo alibenso ndalama zothamangira ku khoti masiku ochepa chisankho chisanachitike.

Chitani motere. Onani m'malamulo a ntchito yanu kuti notisi yosiyira ntchito ndi yaitali bwanji, muwerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku loyamba kulandira zikalata, osati lomaliza, ndipo muwonjezerepo mwezi wina wa kuchedwa kwa makalata m'maofesi. Lembani kalata yosiya ntchito, muipereke kudzera kwa akuluakulu anu monga mwa dongosolo, ndipo pa kope lanu pakhale chidindo ndi deti yosonyeza kuti yalandiridwa. Kenako londolani yankho. Kalata imene mwalemba inu imasonyeza chofuna chanu chabe. Kalata imene abwana anu ayankha ndi imene imatseka pakamwa pa wopikisana nanu amene angakadandaule kuti dzina lanu lidakali pa mndandanda wa olandira malipiro. Malipiro akapitirira kulowa m'akaunti yanu mutasiya ntchito, musawadye. Dziwitsani ofesi polemba kalata ndipo musunge kope lake.

Ndinenenso mosabisa, popeza walira mvula walira matope: mukagonja, ntchito ija siidzakudikirani. Kambiranani ndi a kunyumba kwanu, muwerengetse bwino za penshoni yanu, musanalembe kalatayo chifukwa cha nthungululu za amayi pa msonkhano umodzi.

4. Tsimikizani ngati muimira chipani kapena muima panokha.

Chisankho cha chipulula ndi chimene chipani chimachititsa mkati mwake posankha woimira chipanicho m'dera kapena m'wodi. Chimenechi si cha MEC, ndipo kupambana pamenepo, ngakhale anthu atandanda kumbuyo kwanu mpaka kumsewu, sikukuikani pa pepala lovotera. Chimene MEC imaona ndi saini ya mkulu wa chipani amene ali ndi mphamvu yotsimikiza kuti ndinu woimira chipanicho, yoikidwa pa fomu yanu. Saini ya tcheyamani wa kudera, ngati iye sali pa mndandanda wa ololedwa kusaina, ilibe ntchito. Funsani msanga kuti wosaina ndani ndipo adzakhala kuti, chifukwa m'sabata yopereka zikalata akuluakuluwa amakhala ali pa msewu ndi mtsogoleri wawo, ndipo mukhoza kupita ku Lilongwe kawiri pa msewu wa M14 osawapeza.

Woima payekha safuna saini ya chipani, koma amasankha chizindikiro chake chimene MEC iyenera kuvomereza. Chisafanane ndi cha chipani chilichonse kapena cha munthu wina. Konzani ziwiri kapena zitatu, chifukwa kuno kunyanja aliyense amathamangira nsomba, bwato kapena mtolo wa mpunga, ndipo wofika poyamba ndiye amatenga. Sankhani chinthu chimene agogo osadziwa kuwerenga angachizindikire chitachepetsedwa kufika kukula kwa chala chachikulu. Kuima pawekha si manyazi; mu 2019 aphungu 55 analowa m'Nyumba ya Malamulo alibe chipani. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi cha munthu amene wagonja pa chipulula mokayikitsa, n'kutaya masabata akudikira kuti chipani chimve dandaulo lake, tsiku lotseka n'kumupeza alibe saini ya chipani komanso alibe fomu ya woima payekha. Dziikireni tsiku lanu lomaliza kudikira, ndipo likakwana musankhe njira imodzi.

5. Tsatirani kalendala ya MEC ya chisankho chimenecho, ndipo lipirani msanga.

Mu 2019 zikalata zinaperekedwa kuyambira pa 4 mpaka pa 8 Febuluwale, m'kati mwa dzinja, pamene vuto linali matope ndi kudzaza kwa Linthipe. Mu 2025 masiku amene analengezedwa poyamba anasinthidwa, ndipo ofuna uphungu ndi upulezidenti anapereka zikalata kuyambira pa 24 mpaka pa 30 Julaye, Nyumba ya Malamulo itangotha kumene. Apa pali msampha umene anthu sauona: nyengo ya misonkhano yokopa anthu inatsegulidwa pa 14 Julaye, zikalata zisanayambe kulandiridwa. Anthu ena anatanganidwa ndi zimkuzamawu, nsalu ndi magule, n'kuiwala kuti pamaso pa lamulo anali asanakhale opikisana. Musadalire deti imene munaimva pa wayilesi mwezi wathawo kapena imene wina waitumiza pa WhatsApp. Pitani mukawerenge chidziwitso cha MEC chimene chamatidwa ku khonsolo, muone tsiku, malo ndi ola lotsekera, ndipo mubwerenso sabata iliyonse kudzaona ngati chasintha. Pa chisankho chachibwereza masiku amakhala ochepa kwambiri kuposa pamenepa.

Ndalama yolipira inakweranso kwambiri. Mu 2019 bambo wofuna uphungu ankalipira K500,000 ndipo wofuna ukhansala K40,000. Mu 2025 bambo wofuna uphungu analipira K2.5 miliyoni, wofuna ukhansala K200,000, pamene amayi, achinyamata osakwana zaka 35 ndi anthu aulumali analipira theka la ndalamazi. Wofuna upulezidenti analipira K10 miliyoni kuchoka pa K2 miliyoni. MEC ndi imene imaika mitengoyi pa chisankho chilichonse, choncho yembekezerani ina. Ndalamayi siibwezedwa, ndiye chifukwa chake ndaika gawo lino pambuyo pa magawo anayi oyambawo. Imalipidwa ku banki imene MEC yatchula, osati m'manja mwa munthu aliyense, kaya akhale wa chipani kapena wa ofesi. Pa silipi ya kubanki palembedwe dzina lanu monga liliri pa chiphaso cha unzika, ngakhale ndalamayo akukulipirirani ndi malume anu. Ijambulitseni kawiri tsiku lomwelo, chifukwa inki ya masilipi ena imafufutika ikangokhala m'thumba la malaya masiku atatu. Wolipira theka chifukwa cha ulumali afunse pasadakhale umboni umene ukufunika.

6. Sonkhanitsani okusainirani, mmodzimmodzi, mukuyang'ana chiphaso cha aliyense ndi maso anu.

Ili ndi gawo limene anthu amalipeputsa, ndipo ndi limene limagwetsa ambiri. Fomu yanu iyenera kusainidwa ndi anthu olembetsa m'kaundula wa mavoti a m'dera kapena m'wodi imene mukuimayo. Pansi pa malamulo akale anthu 10 ankakwanira. Inu tsatirani chiwerengero chimene chalembedwa pa fomu imene mwapatsidwa ndi m'chidziwitso cha MEC, osati chimene akukuuzani amene anaima kale. Vuto silikhala kupeza anthu ofuna kusaina, pakuti amenewo amachuluka. Vuto ndi lakuti munthu akhoza kukhala mnansi wanu wa zaka makumi atatu, mumapemphera mpingo umodzi, koma pamaso pa kaundula si wa m'wodi yanu.

Pali njira zitatu zimene zimenezi zimachitikira. Yoyamba ndi ya malire amene ndatchula pa gawo 1: malo amene iye analembetsera anasamutsidwira ku wodi ina. Yachiwiri ndi ya kaundula watsopano. Kalembera wa chisankho cha 2025 anayambiranso pachiyambi, ndipo Salima ndi Nkhotakota anali m'gawo loyamba, kuyambira pa 21 Okutobala mpaka pa 3 Novembala 2024. Amene sanalembetse nthawi imeneyo kapena pa mwayi wina umene unaperekedwa pambuyo pake, n'kumasungabe kachiphaso ka 2018 m'Baibulo, m'kaundula mulibe. Yachitatu ndi ya kuno kunyanja makamaka: asodzi ndi ogula nsomba amayendayenda. Munthu amene mumamuona tsiku ndi tsiku pa doko la Senga Bay akhoza kukhala kuti analembetsera ku Chipoka, ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, kumene usipa unamupeza pa nthawi ya kalembera.

Ndinaona ndi maso anga bambo wina wa cha kumwera kwa boma lino atabwera pa tsiku lomaliza, fomu yake ili m'jumbo ya shuga yopindidwa bwinobwino, atavala jekete la ku ukwati. Anali atapereka fomuyo kwa mphwake kuti akasainitse kumudzi, ndipo mphwakeyo, pofuna kupepukitsa ntchito, anasainitsa anthu onse pa maliro amodzi. Mayina atayamba kufufuzidwa, anayi anapezeka kuti ndi a tsidya lina la mtsinje, wodi ina, ndipo awiri anali ndi manambala osokonekera chifukwa wolembayo anasinthanitsa 1 ndi 7. Kumudzi kunali kutali, dzuwa linali litapendeka, ndipo njinga yamoto imene anatumiza inabwerako ofesi itatseka. Bamboyo anali atagulitsa matumba a mpunga kuti alipire ndalama ija.

Kuti zimenezi zisakugwereni, musayambe ndi fomu yeniyeni. Tengani kope, mulembe mizere ya dzina, nambala ya chiphaso ndi malo amene munthuyo analembetsera. Pitani nokha kwa aliyense, mumupemphe atulutse chiphaso cha unzika ndi chiphaso chake cholembetsera mavoti, ndipo mukopere zimene zalembedwa pamenepo chilembo ndi chilembo, osati zimene iye akunena pakamwa. Mayi amene mudzi wonse umamutchula kuti Nabanda akhoza kukhala ndi dzina lina pa chiphaso, ndipo ndi la pa chiphasolo limene likufunika. Yerekezani malo amene analembetsera ndi mndandanda wanu uja. Pezani anthu ochuluka kuposa chiwerengero chofunikacho, kuwirikiza kawiri ngati n'kotheka, kuti ena akagwa pakhale olowa m'malo, ndipo ambiri mwa iwo akhale apafupi ndi kumene mukapereke zikalata, oti mukhoza kuwapeza pa ola limodzi. Ngati ofesi ya chisankho ingakuloleni kuona kaundula, onetsetsani dzina lililonse. Mukatha zonsezi ndi pamene mutulutse fomu yeniyeni, mulembe ndi zilembo zazikulu, ndi bolopeni imodzi, pa tebulo osati pa bondo. Aliyense asaine yekha kapena adinde chala chake pamaso panu; musalole mwamuna kusainira mkazi wake, kapena mlembi wa komiti yanu kusainira anthu asanu ndi dzanja limodzi, chifukwa umenewo ndi mlandu, osati kulakwitsa chabe. Mukalakwitsa polemba musapake tipeksi. Dziko lino linaona kale mu 2019 zimene mankhwala oyera aja anachita pa mapepala a chisankho; funsani wolandira zikalata kuti cholakwikacho chikonzedwe bwanji.

Mfundo zina ziwiri pa gawo lomweli. Musatenge munthu amene wasainira kale wopikisana nanu, chifukwa mukudziitanira mkangano wopanda phindu pamene anthu ena alipo. Ndipo musalipire munthu kuti akusainireni. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa mchitidwe wogawa ndalama ndi katundu pokopa anthu, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, wosainira ndalama ndi amene amadzakanira poyera mawa kuti saini ija si yake.

7. Lumbirani, ndipo mayina anu agwirizane pa mapepala onse.

Pa zikalata zanu pali gawo limene mumalumbira kuti ndinu nzika, zaka zanu zakwana, Chingerezi mumachitha, ndipo palibe chokuletsani kuima. Lumbiro limeneli limachitika pamaso pa majisitireti kapena munthu wina wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu, monga loya. Musasaine gawoli kunyumba. Mukasaine iye akuona, ndipo muonetsetse kuti waika chidindo ndi deti. Pitani ku khoti m'mawa ndipo musadikire sabata yomaliza, chifukwa majisitireti amakhala ndi milandu yake ndipo sadzaimitsa mlandu chifukwa cha inu. Werengani zimene mukulumbirazo. Kulumbira bodza kukhoza kukulandani mpando mutapambana kale.

Tengani satifiketi ya MSCE kapena ina iliyonse ya maphunziro imene muli nayo monga umboni wa Chingerezi, yeniyeni pamodzi ndi makope ake. Apa amayi ambiri amakodwa. Ndinathandizapo mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene satifiketi yake inali ndi dzina la bambo ake, chiphaso cha unzika chili ndi dzina la amuna ake, pamene pa zikwangwani zake anasindikiza dzina limene amadziwika nalo pamsika. Tinakhala pansi n'kuyala mapepala onse pa mphasa, tinaona kuti ndi mayina atatu a munthu mmodzi, ndipo anakalumbira kalata yapadera yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi ake. Zinatenga masiku awiri okha chifukwa anabwera nthawi ikadalipo. Abambo nawonso aone bwino: amene anabwereza Sitandade 8 pa dzina la mbale wawo, monga zinkachitikira kale, vuto lomweli likuwadikira.

8. Kaonetseni zikalata zanu zisanaperekedwe, ndipo muzipereke pa tsiku loyamba kapena lachiwiri.

M'dera lililonse MEC imaika mkulu woyang'anira chisankho, amene ambiri amangomutchula kuti CRO, ndipo ndi kwa iye kapena kwa womuthandiza kumene zikalata zimapita, osati kwa bwanamkubwa, kwa mfumu kapena ku ofesi ya chipani. MEC imapereka mwayi wakuti zikalata ziunikidwe musanazipereke mwalamulo, kuti ngati pali cholakwika mukonze. Ambiri amaupewa mwayiwu poopa kuti adani adziwa mapulani awo, kapena chifukwa cha manyazi chabe. Safunsa anadya phula. Cholakwika chimene chapezeka nthawi yolandira zikalata isanathe chikhoza kukonzedwa. Chimene chapezeka ola lotsekera litadutsa chimakhala chomwecho.

Anthu amakonda tsiku lomaliza chifukwa amafuna kubwera ndi chikhamu, malole ndi ng'oma kuti boma lonse lidziwe. Ngati mukufuna chionetsero, chitani, koma chitani pa tsiku loyamba, ndipo inuyo ndi zikalata mutsogole pa galimoto ina. Tsiku lomaliza ndi limene magetsi amazima pa malo ojambulitsira mapepala, netiweki ya kubanki imagwa, ndipo mzere umatalika. Muenvelopu yanu mukhale fomu yodzazidwa yonse, silipi ya kubanki, chiphaso cha unzika chosatha ntchito, umboni wakuti munalembetsa m'kaundula, lumbiro lodindidwa, masatifiketi, kalata zosiyira ntchito ngati zikukukhudzani, chizindikiro chanu ngati mukuima panokha, ndi zithunzi monga mmene chidziwitso chanenera. Jambulitsani tsamba lililonse musanapereke, ndipo musachoke pa tebulopo opanda umboni wolembedwa wakuti zikalata zanu zalandiridwa, wokhala ndi tsiku ndi nthawi.

9. Kulandiridwa kwa zikalata si kuvomerezedwa. Londolani mpaka muone dzina lanu.

Zikalata zikalandiridwa zimakaunikidwanso, ndipo pambuyo pake MEC imatulutsa mndandanda wa ovomerezeka. Foni imene munalemba pa fomu ikhale yoyaka masiku onsewa. Mukakanidwa, pemphani chifukwa chake cholembedwa, osati chapakamwa, ndipo mulembe dandaulo lanu kwa MEC tsiku lomwelo mukusunga kope lodindidwa. Gawo 76 la malamulo aakulu a dziko likukupatsani ufulu wokachita apilo ku khoti lalikulu ngati simukukhutira ndi chigamulo cha bungweli, koma nthawi ya milandu ya chisankho ndi yochepa kwambiri, ndipo kuchokera kuno mudzayenera kupita ku Lilongwe, choncho loya mumupeze m'maola, osati m'masabata. Kukatseka msewu pa Kamuzu Road ndi anyamata sikubweza dzina la munthu pa mndandanda.

Mukavomerezedwa, patsala ntchito imodzi imene ambiri amaitumira mwana. Mapepala ovotera asanasindikizidwe, MEC imaitana opikisana kapena owaimira kuti adzaone chitsanzo cha pepalalo. Pitani nokha. Onani kalembedwe ka dzina lanu chilembo ndi chilembo, onani ngati chithunzi chili pambali pa dzinalo ndi chanu ndipo nkhope ikuoneka, onani chizindikiro ndi dzina la chipani kapena mawu osonyeza kuti mwaima panokha. Ngati m'wodi mwanu muli a Phiri awiri kapena a Banda atatu, yang'anitsitsani kuti zithunzi sizinasinthanitsidwe. Mapepala a zisankho zapitazi ankasindikizidwa ku Dubai, ndipo akatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe amabwera ali omata m'mabokosi, dzina lanu lili mmene munalisainira pa chitsanzo chija.